Kabotolo Kokana Kufa

Amene mudakali ndi agogo okumbukira bwino za nthawi ya atsamunda, tsiku lina mudzawafunse za wailesi ija inkaoneka ngati sefuliya. Akakhala kuti anaionapo, adzakuuzani kuti inali yabuluu, yozungulira, ndipo batire lake linali chibokosi chapachokha. Azungu ankaitchula kuti Saucepan Special. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain ndiyo inaipanga, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi asanu, potsatira pempho la a Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, amene ankafuna kuti anthu akuda nawonso azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka. Mawailesi amenewa anafika mpaka kuno ku Nyasaland, ndipo madzulo anthu ankasonkhana pakhomo pa mwini wake kudzamva nkhani za m'Chinyanja ndi nyimbo za a Alick Nkhata. M'mimba mwa sefuliyamo munali timabotolo tinayi tagalasi. Timabotolo timeneti ndi mavalavu, omwe anzathu a ku America amati machubu.

Masiku ano valavu inathamangitsidwa pafupifupi kulikonse. M'wailesi mulibe, m'kanema mulibe, m'kompyuta ndiye osanena. Malo ake analanda ndi tiranzisita, kanthu kakang'ono kamene kanatulukiridwa ku Bell Laboratories mu 1947, kosatentha, kosasweka, kosadya batire. Koma pali malo ochepa amene kabotoloka kanakakamira, ndipo amodzi mwa malowo ndi kuseri kwa woimba gitala. Ine ndine mmodzi mwa oimbawo. Kwa zaka zoposa khumi ndakhala ndikuzungulira m'maukwati, m'mabala ndi m'maholo ndi ampulifaya ya mavalavu imene munthu mmodzi anandipangira ndi manja ake. Anzanga m'bandi amandiseka, amati ndimayenda ndi mbaula. Amati tsobola wakale sawawa. Ndiye ndati ndilembe mbiri ya chibokosi chimenechi, poti mbiriyo ndi imene imandiyankhira bwino kuposa pakamwa panga.

Kagwiridwe ntchito ka valavu n'kosavuta kumva. M'kabotolomo anapopamo mpweya wonse. Muli kachitsulo kamene kakatenthedwa kamatulutsa magetsi, ndi kachitsulo kena kowalandira. Zimenezi anazikonza ndi John Ambrose Fleming ku London mu 1904. Patapita zaka ziwiri, mu 1906, Lee de Forest wa ku America anaika kasefa ka waya wopyapyala pakati pa tizitsulo tiwirito. Timagetsi tochepa tochokera ku nsambo za gitala tikafika pa kasefako, timatsegula ndi kutseka njira ya magetsi aakulu, monga momwe mwana wamng'ono angagwirire chitseko cha ngalande n'kulamulira madzi othirira munda wonse wa mpunga. Basi, nzeru yonse ndi imeneyo. Zina zonse n'zokometsera.

Tsono chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti maampulifaya otchuka a gitala sanayambire m'mafakitale aakulu ayi. Anayambira pa thebulo la wokonza mawailesi. Leo Fender, amene dzina lake lili pa magitala a dziko lonse lapansi, anatsegula kashopu kokonzera mawailesi ku Fullerton, m'chigawo cha California, mu 1938. Munthuyu sankatha n'komwe kuimba gitala. Oimba ankabwera ndi zokuzira mawu zawo zowonongeka, iye n'kumaona pamene zimakonda kufera, n'kuyamba kupanga zake. Mapulani a kayendedwe ka magetsi sanawalote kutulo. Ambiri anali ochokera m'mabuku amene makampani opanga mavalavu, monga RCA, ankasindikiza kuti amisiri azitsatira, ndipo m'kati mwa maampu ake ankamata kapepala kosonyeza valavu iliyonse ndi malo ake, komanso kovomereza kuti akugwiritsa ntchito nzeru za Western Electric mwachilolezo. Luso la Fender linali kumvera oimba. Woimba akadandaula kuti apa pakulira moipa, iye ankasintha kanthu kamodzi, n'kumuuza kuti akayesenso usiku womwewo. Mawaya onse ankawotchereredwa pamanja, limodzilimodzi, ndipo ambiri mwa ogwira ntchitoyo anali amayi.

Mu 1952 Fender anatulutsa ampu yotchedwa Bassman, yoti izigwira ntchito ndi gitala ya besi. Atayamba kuikamo masipika anayi a mainchesi khumi, oimba gitala wamba ndi amene anaikonda kuposa eni ake a besi. Ampu imeneyi inawoloka nyanja n'kukafika ku London, koma mtengo wake kumeneko unali woboola m'thumba. Ku Hanwell, kumadzulo kwa mzindawo, kunali bambo wina woimba ndi kuphunzitsa ng'oma, Jim Marshall, amene anali ndi sitolo ya zida zoimbira. Anyamata obwera m'sitolomo ankadandaula za mtengo wa Fender. Ndiye mu 1962 Marshall ndi amisiri ake awiri, Ken Bran ndi Dudley Craven, anatsegula Bassman, n'kuiyang'anitsitsa, n'kupanga yawo motsanzira. Anaitcha JTM45, zilembo zoimira Jim ndi mwana wake Terry Marshall.

Apa ndi pamene nkhani imandikomera. Anatsanzira pulani, inde, koma zipangizo za ku America analibe. Anagwiritsa ntchito mathiransifoma opezeka ku England, masipika a Celestion a mainchesi 12 m'bokosi lotseka kumbuyo, ndipo pa khomo lolowera mawu anaikapo valavu yaukali kuposa imene Fender ankaika. Chotulukapo sichinalire ngati Bassman. Chinalira mwa mtundu wina, mokalipa, mwamakani, ndipo kulira kumeneko ndi kumene kunadzakhala mawu a nyimbo za rock za ku Britain. Kunena mosapsatira, Marshall ndi Fender yophikidwa ndi ndiwo zimene zinalipo pakhomo. Ife amene tinakula tikuona anyamata akukhoma banjo ya chigubu cha mafuta, ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga, nkhani yotere sitingaidabwe. Babatoni naye anabadwa chomwecho: munthu waona besi ya eni ake, alibe ndalama, wapanga yake ndi chikopa ndi mtengo, ndipo yatuluka ndi mawu amene ya eni ake ilibe.

Zaka za m'ma 1960 zinali za mpikisano wa phokoso. Zokuzira mawu za m'maholo zinali zofooka, choncho ampu ya gitala inkayenera kudzimvekera yokha mpaka kumbuyo. Pete Townshend ndi John Entwistle a gulu la The Who anakakamiza Marshall kupanga ya mawati 100 mu 1965, ndipo bokosi la masipika asanu ndi atatu litakanika kunyamulika, analidula pakati n'kusanjikiza. Chaka chomwecho The Beatles anaimba pa bwalo la Shea ku New York pamaso pa anthu oposa 55,000 ndi maampu a Vox a mawati 100, koma kukuwa kwa anthu kunawamiza. Chaka chomwechonso Leo Fender anagulitsa kampani yake kwa CBS pa madola 13 miliyoni. Kuchokera apo nkhani inayamba kukhala ya mafakitale, ya kuchepetsa ndalama zopangira, ya timatabwa tosindikizidwa kale njira za magetsi m'malo mwa mawaya a pamanja, ndi ya tiranzisita. Sindikunyoza. Roland JC-120, imene inatuluka mu 1975, ilibe valavu ngakhale imodzi, koma mawu ake oyera ngati madzi a pakasupe ndawamva akukometsa rumba ndi sungura kambirimbiri.

Komabe pamene mafakitale ankakula, wokonza mawailesi uja anabwereranso pa thebulo lake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Randall Smith, wokonza maampu kufupi ndi San Francisco, anatenga kaampu kakang'ono ka Fender Princeton n'kukaikamo matumbo amphamvu ndi sipika yaikulu, poyamba ngati nthabwala chabe. Carlos Santana atakayesa anakakonda, ndipo kampani ya Mesa/Boogie inabadwira pamenepo. Imeneyo inakula mpaka kudzagulidwa ndi Gibson mu 2021. Koma panali ena awiri amene anakana kukula, ndipo ndi amene ndimawaganizira kawirikawiri ndikamayang'ana ampu yanga.

Woyamba ndi Howard Alexander Dumble wa ku California. Moyo wake wonse anapanga maampu pafupifupi 300 okha, iliyonse ndi manja ake, iliyonse yokonzedwa molingana ndi kaimbidwe ka mwini wake. Munthu sankangopita ndi ndalama n'kugula ayi. Dumble ankafuna akumve kaye ukuimba, ndipo akavomera, unkatha kudikira zaka. Larry Carlton, Robben Ford, Stevie Ray Vaughan ndi Santana yemwe uja anaimbirapo maampu ake. Lero ampu ya Dumble ikapezeka pa msika imagulidwa madola zikwi makumi angapo, ina kupitirira 100,000. Koma bamboyu anali ndi khalidwe limodzi limene ine sindigwirizana nalo. Poopa kuberedwa nzeru, ankathira phula louma gwa pamwamba pa tizipangizo ta m'kati, kuti wotsegula asaone kuti walumikiza chiyani ndi chiyani. Taganizani: munthu amene anaphunzira ntchito potsegula maampu a Fender n'kuwasintha, iye n'kutseka chitseko kuti wina asaphunzire kwa iye! Ndipo sizinathandize. Anthu anapala phulalo, anajambula mapulani, ndipo lero ali ponseponse pa intaneti. Dumble anamwalira mu Januwale 2022. Chimene phula lija linakwanitsa n'kuvutitsa aliyense wofuna kukonza ampuyo ikadwala.

Wachiwiri ndi Ken Fischer wa ku Colonia, m'chigawo cha New Jersey, amene anagwirapo ntchito ku kampani ya Ampeg asanayambe kupanga maampu ake otchedwa Trainwreck kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Iye anapanga ochepa kuposa a Dumble, chifukwa anadwala nthawi yaitali mpaka kumwalira mu 2006. Mabokosi ake anali a thabwa lopala bwino losakutidwa ndi kanthu, ndipo m'malo molemba nambala, ampu iliyonse ankaipatsa dzina la mkazi. Fischer sankabisa zambiri. Analemba malangizo a kasamalidwe ka maampu a mavalavu amene amisiri akuwerengabe. Kuchokera kwa anthu ngati awa, ndi makampani ang'onoang'ono monga Matchless imene inayamba mu 1989, kunabuka mwambo wonse wa maampu opangidwa pamanja, woti woimba apite kwa mmisiri mmodzi ngati akupita kwa telala kukayezetsa suti.

Telala wanga ine anali mdala wina wokonza mawailesi m'tauni ya Blantyre. Anaphunzira ntchito m'zaka za m'ma 1960, mavalavu adakali ponseponse, ndipo anadutsa m'nyengo zonse: mawailesi a Supersonic ochokera ku Bulawayo, a Nzeru opangidwa konkuno, makaseti, makanema a chimimba. Pamene ndinkawapeza, ntchito inali itawathera, poti anthu anali atasamukira ku mafoni ndipo wailesi ikafa ankangogula ina. Ndinawatengera pulani ya Fender Deluxe ya mtundu wa 5E3, ija inkapangidwa kuyambira 1955 mpaka 1960: mavalavu asanu okha, awiri a 6V6 opereka mphamvu, imodzi ya 5Y3 yowongola magetsi, ziwiri zazing'ono za kutsogolo, sipika imodzi ya mainchesi 12, mawati pafupifupi 15. Ndi mtundu womwewu umene Neil Young wakhala akuimbira kwa zaka zambirimbiri. Mdalayo anavala magalasi, anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenaka anaseka.

"Iyi si ampu, mwana wanga. Iyi ndi mbali ya kumapeto ya wailesi, angoichotsa mutu."

Asanagwire chowotcherera anandiuza kuti ndibwere ndi gitala. Ndinabwereka kaampu ka mnzanga, ndinaimba pakhonde pawo pafupifupi ola lathunthu, iwo ali phee, akumwa tiyi. Nditamaliza anati, "Iwe sumenya nsambo. Umatola, ngati nkhuku ikutola mapira. Pulani ya Mzunguyi ili ndi mafuta ambiri pansi. Wa besi wanu akangolowa, mawu ako amira." Ankanena zoona, ndipo amisiri a kunja amadandaula chimodzimodzi za 5E3. Oimba blues ndi rock amaikonda chifukwa imayamba kusasa mawu msanga, pomwe ife gitala yathu, kaya ndi ya kwela, kaya ya rumba, kaya ya manganje, imafuna kanambala kalikonse kamveke pakokha. Choncho mdalayo anachepetsa makapasita olumikiza zigawo, kuchoka pa 0.1 kufika pa 0.022, kuti besi isachuluke, ndipo pakhomo anasiyapo valavu yofatsa ya 12AY7. Mathiransifoma anawachotsa m'chokuzira mawu chakale cha ku Britain chimene tchalitchi china chinataya, ndiye anali opangidwira kale magetsi athu a mavoti 230, osati 120 a ku America. Mavalavu anandigulira ndi mlamu wanga ku Johannesburg. Bokosi anakhoma ndi kalipentala wa pafupi pomwepo, la paini, mtengo womwe Fender naye ankagwiritsa ntchito masiku amenewo. Ntchito yonse inatenga miyezi inayi, yambiri mwa iyo kudikira zipangizo.

Tsiku lokatenga, anatembenuza thabwa lotsekera kumbuyo n'kundionetsa. Anali atamatapo pepala lojambula ndi dzanja lawo: pulani yonse monga anaisinthira, ndipo pa mfundo iliyonse analembapo mavoti amene anayeza ampu ili bwinobwino. Pamwamba analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti wotsegula ayambe wakhetsa magetsi a m'makapasita, poti m'katimo mumakhala mavoti oposa 300 ngakhale utazula pulagi. Ndinawafunsa kuti, "Nanga madala, anthu sakuberani nzeru?" Anangoti, "Ine ndinaba kwa yani? Sindidzakhalapo masiku onse. Ikadzadwala, wina adzawerenge."

Tsono kukhala ndi ampu yotere n'kwina, kuyenda nayo n'kwinanso. M'nyumba ndi mfumukazi. Pamsewu ndi khanda. Imalemera makilogalamu 16 chifukwa cha zitsulo zakale zija, ndipo siikwera pamwamba pa galimoto pamodzi ndi ng'oma ndi masipika. M'minibasi ndimailipirira mpando, kapena ndimaifungata pamiyendo, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndanyamula bokosi la ndalama. Msewu wa mabampu ndi mdani wa valavu, chifukwa tizitsulo ta m'kati tikagwedezeka kwambiri timayamba kulira tokha ngati belu. Tikamaliza kuimba, anzanga amazula zawo n'kulongedza nthawi yomweyo. Ine ndimadikira kaye mphindi zingapo kuti magalasi azizire. Poyatsa napo pamafunika kudikira kuti itenthe, monga ankachitira magalamafoni a magetsi a m'nyumba za mabwana kale. Ndipo lamulo lalikulu, limene ndimauza mnyamata aliyense wotithandiza kunyamula katundu, n'lakuti ampu ya mavalavu siyatsidwa sipika isanalumikizidwe. Ukatero thiransifoma ya kumapeto ikhoza kupsa, ndipo imeneyo ndiye mtima wake.

Za magetsi ndiye nkhani yaitali. M'thumba la gitala ndimayenda ndi kamita, ndipo ndisanalowetse pulagi paliponse ndimayeza kaye. Mavoti akatsika, ampu imafooka, mawu amanyowa ngati nsima ya madzi ambiri. Akakwera, mavalavu amafiira ndipo moyo wawo umafupika. Jenereta ya paukwati wa kumudzi ndiye simungaidalire: yomweyo ikuyendetsa firiji, magetsi a m'tenti ndi zokuzira mawu, ndipo firiji ikangozima, mphamvu yonse imathamangira kwa ife. Chinanso ndi waya wa pansi, uja wachitatu pa pulagi. M'maholo ambiri anaduka kalekale kapena sanaikidwe n'komwe, ndipo woimba amadziwira pamene mlomo wakhudza maikolofoni dzanja lili pa nsambo, n'kumva kulumidwa. Izi si zoseketsa. Mu 1972 Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea anthu akuona, atagwira maikolofoni yopanda waya wa pansi. Mdala uja anaika waya wa pansi wokhuthala, womangidwa ndi bawuti yakeyake, koma waya wa m'ampu sungathandize ngati khoma la holo lilibe pokafikira.

Funso limene ndimalandira kwambiri n'lakuti, mawati 15 angamveke bwanji pakati pa ng'oma? Apa masamu amadabwitsa. Khutu la munthu silimva mphamvu monga imalembedwera pa bokosi. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri, mphamvu iyenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. Ndiye kuti ampu ya mawati 100, pa sipika yofanana, siifika n'komwe pa kuwirikiza kawiri phokoso la ya mawati 15. Chimene mawati ambiri amakupatsa ndi malo oti mawu akhalebe oyera pamene wakweza. M'bala kapena m'holo yaing'ono, yanga imakwana yokha, bola ndiikweze pa mpando kuti isalankhule ndi maondo anga. Pabwalo, timaika maikolofoni kutsogolo kwa sipika, zokuzira mawu zikuluzikulu n'kumaliza ntchito. Vuto limene The Who ankalimbana nalo mu 1965 linatha kale. Masiku ano chimene chimavuta ndi kumunyengerera wa pamikisa kuti apatule maikolofoni imodzi, poti iye amafuna aliyense alowe ndi waya molunjika kuti siteji ikhale yopanda phokoso.

Ndipo ndinene chilungamo, wa pamikisayo ali ndi mfundo. Kuyambira pamene Line 6 inatulutsa kabokosi kotchedwa POD mu 1998, ndi kampani ya Kemper n'kutulutsa kake mu 2011, makompyuta aphunzira kutsanzira kulira kwa valavu mochititsa mantha. Mnyamata amabwera ndi kabokosi kokwana m'chikwama cha sukulu, muli Fender, muli Marshall, muli Vox, muli ndi Dumble yemwe. Anthu ovina paukwati sangasiyanitse, ndipo sindiwaimba mlandu. Anabwera kudzavina ndi kudzafupa, osati kudzayeza mavalavu. Kusiyana kumene ine ndimakumva kuli ku zala kwanga. Ndikatola nsambo mofatsa, mawu amatuluka oyera. Ndikakanda mwamphamvu, amasasa pang'ono, ndipo valavu yowongola magetsi ija imakhala ngati yapuma kaye kenaka n'kubweza mpweya, kanambala n'kufufuma. Sindigwira batani lililonse, dzanja lokha ndi limene likulamula. Zimenezi zimasintha kaimbidwe kanga, ndipo kaimbidweko ndi kamene anthu amamva. Kaya n'zokwanira kulipirira mpando wa minibasi, aliyense aweruze yekha.

Koma chifukwa chachikulu chimene sindiisiyira ndinachiona mdala uja atamwalira kale. Tinali pa ukwati wina kufupi ndi nyanja, jenereta inalira mwachilendo, magetsi anawala kwambiri, ndipo ampu inangoti zii, kafungo ka chopserera kakutuluka kumbuyo. Usiku umenewo ndinamalizira pa mikisa. M'mawa mwake, pa kamsika ka pafupi, ndinapeza mnyamata wokonza mafoni, wa zaka mwina makumi awiri ndi zisanu, amene chibadwire anali asanaonepo valavu. Poyamba anakana. "Aaa, akulu, izi ndi za makedzana, ine sindingazithe." Ndinamasula thabwa la kumbuyo n'kumuonetsa pepala lija. Anawerenga chenjezo, anakhetsa magetsi monga linanenera, kenaka anayamba kutsata mzere ndi mzere, kamita kali m'manja. Chilichonse chinali poyera, chachikulu, chogwirika ndi zala, osati tinthu ta m'foni tofuna galasi lokuzira. Pasanathe ola anapeza rezisita ya maohmu 250 ya pansi pa mavalavu awiri aakulu itapsa. Anapeza ina yoyandikira m'mulu wa zakufa za mnzake wokonza makanema, anawotcherera, ine n'kuikamo mavalavu apadera amene ndimayenda nawo. Titayatsa anayeza mavoti, n'kupeza akuyandikana ndi amene mdala analemba. Ndalama imene anandilipiritsa siikanagula n'komwe nsambo za gitala. Kabokosi ka kompyuta kaja kakanapsa tsiku limenelo, bwenzi kali kotaya kapena kotumiza kunja. Ya Dumble, ndi phula lake lija, bwenzi mnyamatayo atangoiyang'ana n'kundibwezera.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene mmisiri wa pa thebulo sangapange, ndicho valavu yeniyeniyo. Mafakitale ambiri a ku America ndi ku Britain anasiya kalekale. Ya Mullard ku Blackburn, imene inali imodzi mwa zikuluzikulu ku Ulaya, inaleka kupanga mavalavu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amene anapitiriza ndi maiko a chikomyunizimu, makamaka chifukwa asilikali awo ankawagwiritsabe ntchito. Mu Seputembala 1976 woyendetsa ndege ya nkhondo wa ku Soviet Union, Viktor Belenko, anathawa ndi MiG-25 n'kukatera ku Hakodate, ku Japan. Akatswiri a ku America ataiphwasula anapeza kuti zida zake zambiri zinali za mavalavu. Ndiye tinene kuti oimba gitala a dziko lonse anapulumutsidwa ndi asilikali a ku Moscow, iwo osadziwa. Chikomyunizimu chitagwa, Mike Matthews wa ku New York, mwini wa Electro-Harmonix, anagula fakitale ya mavalavu ya ku Saratov, ku Russia, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mavalavu ambiri a maina akale monga Tung-Sol ndi Mullard amene timagula atsopano amachokera kumeneko. Ena amachokera ku JJ Electronic ku Slovakia, ena ku China.

Ulusi wake ndi wopyapyala chomwecho. Mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, Russia inaletsa kutumiza kunja katundu wosiyanasiyana, ndipo mbiri inamveka kuti mavalavu ali m'gulumo. M'masiku ochepa masitolo a ku America ndi ku Ulaya anakokoloka, anthu akugula ngati shuga wasowa. Pambuyo pake katundu anayambanso kuyenda, koma mitengo inali itakwera kale. Kwa woimba wa ku London limenelo linali dandaulo la pa kapu ya tiyi. Kwa ine, amene valavu iliyonse imadutsa m'manja mwa mlamu, m'chikwama cha wokwera basi, ndi pa mtengo wa kwacha yofooka, inali nkhani yosowetsa tulo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Panopa m'chitini cha mabisiketi, zokulungidwa m'masokosi akale, ndili ndi ma 6V6 anayi, 5Y3 imodzi, ndi tating'ono titatu. Pa kaimbidwe kanga, awiri aakulu amanditengera zaka ziwiri kapena zitatu asanayambe kufooka. Mukhoza kuwerengera nokha.

Mnyamata wa mafoni uja timalankhulanabe. Tsiku lija, tisanatseke thabwa, anapempha kujambula pepala la mdala pa foni yake, ndipo anadzandiuza kuti analikopera m'kope, mzere ndi mzere, ndi mavoti omwe. Mafunso ake amabwera usiku: chifukwa chiyani mawaya a moto wotenthetsera amapotedwa awiriawiri, chifukwa chiyani mathiransifoma awiri aja sanayang'anizane mbali imodzi. Ena ndimayankha, ena ndimamuuza kuti afufuze yekha, poti ine ndine woimba chabe. Mwezi wathawu anandiuza kuti wapeza thiransifoma imodzi kwa ogula zitsulo zakutha, yochokera m'galamafoni yakale, ndipo ataiyeza ili moyo. Akusakasaka inzake, ndipo wandifunsa kale ngati ndingamubwereke ma 6V6 awiri tsiku loyesa. Sindinamuyankhe.